A Wailesi, Ometa Tsitsi Amene Ananyamula Anzawo Kunkhondo

Achimwene anga anayamba kulankhula asanayambe kuyenda, ndipo amayi amati kuchokera tsiku limenelo m'nyumba mwathu simunakhalenso bata. Dzina loti a Wailesi anawapatsa ndi aphunzitsi a kupulayimale atatopa ndi kuwasinthasintha malo. Akawakhazika pafupi ndi mwana wofatsa, pofika nthawi yopuma mwana uja amakhala atasanduka wolongolola. Akawakhazika okha pakona, ankacheza ndi khoma. Tsiku lina aphunzitsiwo anafunsa amayi ngati mwanayu ali ndi pozimitsira. Amayi anayankha kuti pakanakhalapo akanapapeza kalekale, chifukwa womusambitsa anali iwowo.

Ine ndine mlongo wawo wamng'ono, ndipo ndinakula osazolowera kumaliza nkhani yanga. Ndikangoti, "Lero kusukulu," achimwene ankailanda m'kamwa n'kuimaliza okha, ngakhale kuti sanalipo pamene zinkachitika. Chokwiyitsa n'chakuti nkhani yawoyo inkakoma kuposa yanga yoonayo.

Atamaliza sukulu anaphunzira kumeta. Anapeza kachipinda mumsewu wa kuseri kwa msika, pakati pa a telala ndi okonza nsapato. M'menemo munali mpando wozungulira umene unasiya kalekale kuzungulira, galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi shelefu ya makina, zipeso, sizasi ndi botolo la sipiriti. Kumeta ankakudziwa, pamenepo ndisawanamizire. Vuto linali lakuti dzanja ndi pakamwa sizinkagwira ntchito nthawi imodzi. Nkhani ikafika pokoma ankazimitsa makina, n'kubwera kutsogolo kuti amuone munthuyo m'maso. Wobwera m'mawa kuti akaoneke bwino ku ukwati ankakafika anthu akupinda mipando. A telala ankati ndevu zimene achimwene ameta kumanzere zimakhala zitameranso akamafika kumanja. Komabe benchi ija sinkasowa anthu. Ena ankabwera tsitsi lisanakule n'komwe.

Chinthu chimodzi chokha chimene chinkawatseka pakamwa chinali magazi. Tsiku lina anacheka pang'ono khutu la okonza nsapato, kadontho chabe. Atakaona anangoti, "Ee, koma," n'kugwa chagada. Okonza nsapato aja, nsalu idakali m'khosi, mutu wometedwa mbali imodzi, ndi amene anawakupiza ndi nyuzipepala mpaka anatsitsimuka. Atatsegula maso anapitiriza nkhani kuchokera pomwe anailekera.

Alamu anga, akazi a achimwene, ankagulitsa m'sitolo ya zitsulo ndi misomali kumapeto kwa msewu womwewo, ndipo ndi munthu wa mawu ochepa kwambiri. Anthu ankadabwa kuti awiriwa anapezana bwanji. Nditawafunsa anati, "Anandifunsira kuyambira potsegula sitolo mpaka potseka. Ndinavomera kuti ndipite kwathu." Koma ndinkawaona akumwetulira chamumtima achimwene akayamba zawozo. Ankakondana kwambiri.

Nkhondo itayamba kumalire, asilikali a kukampu yapafupi ankabwera kudzametetsa asananyamuke. Patapita miyezi, achimwene anabwera kwa amayi pa nthawi ya tiyi, alamu ali pambuyo pawo, n'kulengeza kuti akukalowa usilikali.

Amayi anaseka mpaka kutsamwa. "Iwe? Iwe amene umathawira kuseri ndikamapha nkhuku?"

"Amayi, tamvetserani. Kumeneko kuli mitu yambirimbiri, yonse yofunika kumetedwa sabata ndi sabata. Ndipo msilikali saloledwa kuchoka pampando asanauzidwe."

"Nanga akakuwombera?"

"Ndikakambirana nawo."

"Ndiye adzakuwombera kuti ukhale chete," anatero amayi. Kenako anatembenukira kwa alamu. "Apongozi, inu mwavomera zimenezi?"

"Ndinakana," anayankha alamu. "Anamva ngati funso, n'kuliyankha mpaka dzulo."

Chifukwa chenicheni anandiuza ine tsiku lotseka malo awo, akusesa pansi. Anati, "Chemwali, anyamata ndinkawameta aja, ena sakubweranso. Ndimamva kwa anzawo kuti uje uja anapita. Ine ndili pano, ndikulongosolera anthu nkhondo imene sindinaionepo. Zikundichititsa manyazi." Anakhala chete kwa kanthawi, ndipo ine ndinachita mantha, chifukwa ndinali ndisanawaonepo ali chete ali maso.

Za kumaphunziro a usilikali tinazimva kwa iwo eni atabwera kutchuthi. Anatulukira mumsewu muja atavala yunifolomu yoti munthu wina akanalowamonso, jombo zikulira ngati ng'oma. Anaima pamaso pa amayi n'kuwachitira sawatcha, chipewa n'kugwa chifukwa chinali chitakola khutu. Makutu achimwene anali nawo ndithu, otambalala ngati zitseko za galimoto zoiwala kutseka.

Anatiuza mosabisa kuti mfuti inawakana. Mphunzitsi wawo anawauza kuti azitsinzina diso limodzi, iwo ankatsinzina onse awiri. Pophunzira kubisala m'tchire ankayamba kugwidwa ndi iwo, chifukwa ankamveka kutali akufotokozera mnzawo kabisalidwe kabwino. Akuluakulu atasowa nawo chochita anawaika m'gulu la onyamula ovulala pa machira.

Amayi anagwira pamutu. "Anthu amenewo sakukudziwa. Ndiye azinyamula awiri, wovulalayo ndi iweyo."

"Ayi amayi, ndinapeza nzeru," anatero achimwene. "Ndimayang'ana kumaso kokha. Munthu ukamamuyang'ana kumaso n'kumacheza naye, magazi suwaona."

Tchuthi chitatha anapita kumalire. Ankatiimbira foni akapeza mpata, ndipo foniyo tinkaiika patebulo n'kumagwira ntchito zina, wina akamadutsa n'kunenako kuti "Eya" kapena "Zoona?" Za nkhondo sankanena zambiri. Ankanena za mitu ya anzawo, wina ali ndi maliwombo awiri, wina mutu ngati papaya.

Uthenga unabwera m'mawa wina, amayi akuyanika zovala. Asilikali awiri anatsika m'galimoto, n'kuvula zipewa asanafike pakhomo. Amayi atangoona zipewa zili m'manja anakhala pansi pomwepo, malaya onyowa ali pamiyendo. Za masiku amenewo sindinena zambiri.

Koma chimodzi ndinene. Pamaliro panabwera mkulu wa asilikali amene achimwene sanawadziwe n'komwe. Anaima pambali pa bokosi lokutidwa ndi mbendera, n'kuyamba kulankhula mokweza kuti, "Tataya msilikali wofatsa, wa mawu ochepa, amene ankalankhula ndi ntchito zake basi." Kumbuyo kwanga ndinamva a telala akutsokomola modabwitsa. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundinong'oneza, "Wamva? Si iyeyu. Abweretsa wa eni." Ndinadziwa kuti si zoona, chifukwa nkhope tinali titaiona tonse. Komabe kwa kamphindi mtima wanga unalumpha limodzi ndi wa amayi.

Mmene anafera tinadzamva patapita masabata, kwa a Sajeni a gulu lawo. Anabwera kunyumba akuyenda ndi ndodo ziwiri, mwendo wa buluku wakumanzere utapindidwa n'kumangidwa ndi pini pabondo. Anali chimunthu chachikulu moti anachita kuwerama polowa pakhomo, ndipo mpando umene tinawapatsa unadandaula. Amayi, alamu ndi ine tinakhala moyang'anana nawo.

"Mayi," anayamba a Sajeni, "ndinene zoona. Mwana wanu ndinkamulanga pafupifupi tsiku lililonse."

"Munkachita bwino," anatero amayi. "Ife tinalephera."

"Ndinamuthamangitsapo kuzungulira bwalo, iye akuthamanga akundifotokozera chifukwa chake bwalolo analipanga molakwika. Ndinapemphapo kuti amusamutse. Magulu ena onse anali atamva kale mbiri yake, anakana."

Kenako anatiuza za tsikulo. Anali akuwoloka dambo lopanda mitengo dzuwa litangotuluka, pafupi ndi mlatho wogumuka, pamene adani anayamba kuwombera kuchokera kuphiri. Amene anatha kuthamanga anadziponya m'ngalande ya m'mbali mwa msewu. Ovulala anatsala pamtetete, ndipo a Sajeni anali mmodzi wa iwo, mwendo utaphwanyika. Achimwene ndi mnzawo anatuluka ndi machira n'kubweretsa munthu woyamba. Paulendo wachiwiri mnzawoyo anamuwombera pamkono, machira n'kukhala opanda wogwira kumbuyo. Mkulu amene anatsala anawaletsa kuti asatulukenso mpaka thandizo lifike. Achimwene anayankha kuti amva, ndipo akadali kufotokoza mmene amvera bwino, anali atatuluka kale, akukwawa ndi chinsalu cha tenti.

"Ankamugoneka munthu pachinsalupo n'kumakoka," anatero a Sajeni. "Kukoka, kugona pansi, kukokanso. Zipolopolo zikufukula dothi uku ndi uku. Atafika pa ine ndinamuuza kuti andisiye, ndine wolemera, atenge ena. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati, 'Bwana, wakumetani kumbuyoku ndani? Simungafe ndi mzere wokhota chonchi, anthu adzati ndine.'"

Alamu anaseka, n'kuphimba pakamwa ndi dzanja.

"Munthu wochepa thupi ngati uja, anandikoka ine. Maso anga ankafuna kutseka, ndipo ndinkamva tulo tokoma kwambiri. Iye wayamba nkhani. Ndikati nditsinzine, amandimenya patsaya, 'Bwana, mukuphonya pokoma.' Ndinamulamula kuti akhale chete. Anati, 'Mukandilange tikafika.' Ndinakwiya, mayi. Ndinatsimikiza mtima kuti sindifa ndisanamulange mnyamata ameneyu. Adokotala anadzandiuza kuti ndikanagona pamenepo sindikanadzukanso."

Atawafikitsa a Sajeni m'ngalande, achimwene anabwereranso, n'kubwereranso. Manja awo anali atasupuka ndi chinsalu chija, ndipo yunifolomu yonse inali magazi a anthu ena. Womaliza kukokedwa anali wophika wa gulu lawo. Anamufikitsa m'mphepete mwa ngalande, anzawo n'kumulandira, ndipo pamene achimwene ankati atsike, chipolopolo chinawapeza kumsana. Thandizo linafika iwo atapita kale.

A Sajeni anazunguza chipewa chawo m'manja, n'kuyang'ana alamu mwamanyazi.

"Mayi, pali china chimene ndabwerera. Musandiseke. Nkhani imene ankandiuza ija inali ya bambo wina amene anagulira mkazi wake kabati yaikulu, n'kukanika kulowa pakhomo. Anachotsa chitseko, inakana. Anaitana kalipentala. Pamenepo m'pamene tinafika m'ngalande. Kuchipatala ndafunsa onse amene anawakoka. Wina anamva za kalipentala, wina anamva za apongozi a kalipentala, koma mathero palibe anawamva. Anzangawo anandituma kuti ndidzafunse. Kabati ija inalowa?"

Alamu anapukusa mutu. "A Sajeni, ine ndakhala nawo zaka zonsezi, kabati imeneyo idakali pakhomo. Akafika pa kalipentala amakhotera kwa apongozi ake, apongoziwo anali ndi galu, galuyo analuma wapositi. Kwa wapositiko sitinabwerereko."

A Sajeni anaseka mpaka ndodo zinagwa pansi. Kenako kuseka kuja kunasintha, chimunthu chonse chija chinayamba kugwedezeka mapewa, ndipo amayi ananyamuka n'kukawagwira mutu ngati mwana.

Nkhaniyi itamveka mumsewu wa kuseri kwa msika, a telala anaitanitsa msonkhano. Anati boma lachita mbali yake, lapereka mendulo, koma msewu nawo uli ndi ngwazi yake ndipo uyenera kuilemekeza. Anagwirizana zojambula chithunzi chachikulu cha achimwene pakhoma la malo ometera aja. Ntchitoyo anaipereka kwa wojambula zikwangwani wa mumsewu momwemo, amene anajambula nsomba ya pasitolo ya nsomba ndi nsapato ya okonza nsapato. Anagwira ntchito ataphimba khoma ndi makatoni, osalola munthu kusuzumira. Atamaliza anaitana amayi kuti adzaone anthu ena asanaone.

Pakhomapo panali chimwamuna cha chifuwa ngati chitseko, chibwano cha makona anayi, mfuti yaikulu m'manja, milomo yotseka mwaukali.

Amayi anayang'ana nthawi yaitali. "Ndi wokongola," anatero. "Ndi mwana wa ndani?"

"Ndi a Wailesi, mayi."

"Makutu ake ali kuti?"

"Ndinawachepetsako, mwaulemu."

"Abwezere. Ndinavutika nawo pobereka makutu amenewo. Mfutiyo uchotse, angadzipweteke nayo. Umupatse machira. Ndipo pakamwapo utsegule."

Wojambula anadandaula. "Mayi, ngwazi sijambulidwa itayasama. Anthu adzaseka."

"Ankaseka ali moyo, ndipo iye ankakondwa. Tsegula."

Anakonza monyinyirika. Makutu anabwerera, mwina mopitirira pang'ono. Pakamwa panatseguka moti achimwene ankaoneka ngati ali kwa dokotala wa mano. Machira anatuluka ngati makwerero, ndipo mpaka lero alendo amafunsa ngati malemuwo anali okonza magetsi. Koma amayi atachiona anati, "Eya. Uyu ndiye wanga."

Tsiku lovundukula chithunzi msewu unadzaza. A telala anasoka chinsalu chophimbira, okonza nsapato anapukuta nsapato za aliyense amene anaima pafupi nawo, kufuna kapena kusafuna. A Sajeni anabwera ndi anzawo amene achimwene anawakoka, wina mkono uli m'khosi, wina pampando wa matayala, wina akutsimphina. Chinsalu chitachotsedwa anthu anayamba aombera m'manja mwaulemu, kenako wina anaphulika kuseka kumbuyo, basi msewu wonse unagwa nacho chiseko. Asilikali aja anayesetsa kuima mowongoka akuchita sawatcha, milomo ikunjenjemera.

A telala analengeza kuti tikhale chete kwa mphindi imodzi. Tinayesa. Pasanapite nthawi okonza nsapato ananong'oneza mokweza kuti, "Akanakhalapo eni ake, mphindi imeneyi sikanatheka," ndipo zinathera pomwepo. Aliyense anayamba kuuza mnzake nkhani yake ya a Wailesi, onse nthawi imodzi, wopanda womvera.

Kenako panabwera bambo wina wachikulire, wamfupi, amene anali ataima kumbuyo nthawi yonseyi. Atavula chipewa, mutu unawala ngati mbale yotsukidwa. A Sajeni anatiuza kuti amenewa ndi wophika uja, womaliza kukokedwa, ndipo kugulu kwawo amawatchula kuti a Dazi. Anaima pamaso pa amayi.

"Mayi, m'gulu lonse ndine ndekha amene mwana wanu sanandimetepo. Atandipeza pamtetete paja anati, 'A Dazi, inu simunandipatsepo ntchito ngakhale tsiku limodzi, komabe tiyeni.' Njira yonse ankandiuza mankhwala omeretsa tsitsi. Anati ndizipaka anyezi." Anaweramitsa mutu. "Ine ndine wamkulu, ana anga ndi akuluakulu. Iye anali mnyamata. Zikanayenera kukhala mwina. Ndabwera kudzapepesa."

Amayi anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Musapepese, bambo. Akanakusiyani pamenepo, ndikanamufunsa kuti anaphunzira kuti zimenezo." Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango. "Nanga anyeziyo mwayesa?"

"Ndikupaka, mayi. Akazi anga asamukira kuchipinda china."

Tili pomwepo kunayamba mvula, yamadontho akuluakulu. Anthu anabalalika, ndipo amene tinali pafupi tinathamangira m'kachipinda kometera kaja, kamene alamu anali atakatsegula m'mawa kuti kapitidwe mphepo. Tinapanikizana m'menemo, amayi pabenchi, asilikali m'makoma, wa pampando wa matayala pakhomo. A Sajeni, posowa poima ndi ndodo zawo, anakhala pampando wometera. Alamu anawayang'ana kumbuyo kwa mutu. Anatenga nsalu pamsomali, anaikung'untha fumbi, n'kuwamanga m'khosi.

"Mayi, munametapo?" anafunsa a Sajeni akuyang'ana m'galasi.

"Ayi," anatero alamu, n'kuyatsa makina.

A Sajeni, munthu amene anaona nkhondo, anagwira mikono ya mpando n'kutsinzina. Anatuluka m'menemo mutu uli ndi masitepe ngati a nyumba yosanja, ndipo anavala chipewa mpaka tsitsi linameranso. Koma anabweranso, n'kubweretsa ena a kukampu. Alamu anasiya ntchito kusitolo ya zitsulo, ndipo anaphunzirira pa mitu ya asilikali, amene sadandaula. Panopa amameta bwino kuposa aliyense mumsewu uja, ndipo anagula mpando wachiwiri.